Mlonda wa Nkhokwe

Ikamakwana 2 koloko usiku ku Wolverhampton,
magetsi a m'khonde atathimitsidwa theka,
ndimatsegula laputopu pa tebulo la mankhwala
pambali pa tiyi amene anazizira kalekale.
Belu la chipinda chachisanu ndi chiwiri likalira
ndimasiya funso lili pakamwa.

Ndi Bambo Pritchard. Akufuna kudziwa
ngati sitima ya ku Shrewsbury yapita.
Zaka makumi anayi anagwira ntchito ya njanji,
lero dzina la mkazi wawo lawathawa.
Ndimawafunditsa, ndimati sinapite,
kenako ndimabwerera ku mutu wachisanu ndi chinayi:
kabwezedwe ka zimene zafufutika.

Buku likuti nkhokwe ya deta isagone yokha,
izikhala ndi inzake yoisungira mbewu.
Likuti bakapu yosayesedwa ndi mphekesera chabe.
Ndimayang'ana chitseko chija.
Iwo palibe anawakopera kanthu.

Ndinaphunzira kuti mzere uliwonse ufuna kiyi wakewake,
kuti mpata wosalembamo si ziro:
ziro ndi chikwama chopanda ndalama,
mpata ndi kusadziwa ngati chikwamacho chilipo n'komwe.
Ndinaphunzira za ntchito ziwiri zogwirana pakhosi,
iyi kudikira iyo, iyo kudikira iyi,
mpaka seva itapha imodzi kuti inzake ipume.
Ndinaseka ndekha m'khonde muja.
Shifiti ndi tulo, ndimazidziwa.

Ulendo woyamba ndinalephera.
Mapaundi a mausiku atatu owonjezera
anangomira ngati njinga yotayidwa m'ngalande.
Sindinauze munthu kupatula Ndaziona,
wanga wa zaka khumi ndi chimodzi,
amene anaduladula makatoni a phala
n'kulembapo mafunso ndi cholembera chofiira.
Ankandipanikiza m'basi, anthu akumva:
"Amayi, mwafufuta tebulo lolakwika Lachisanu madzulo.
Mutani?"
"Ndilira."
"Ayi. Mukamaliza kulirako."

Ulendo wachiwiri, ku Birmingham,
kunali kamvula kaja kosamveka padenga
koma kofika m'mafupa.
Anandilanda foni, wotchi, ngakhale mpango wa m'khosi,
n'kundikhazika pansi pa diso la kamera
pakati pa anyamata amene ndikanatha kuwabereka.
Mafunso anabwera ngati abale pamaliro,
ena odziwika nkhope,
ena oti ufunse kaye kuti awa ndi a kwa yani.
Lina linati: seva yagwa pakati pa usiku,
abwana ali mtulo, uyambira pati?
Pamenepo mtima unakhala pansi.
Usiku ndi kwathu.
Munthu suthamanga; umayamba waona chimene chikupumabe.

Nditadina batani lomaliza
sikirini inayera mbee,
kanthawi kokwanira kukumbukira lendi,
nsapato za sukulu, ngongole ya kwa Nachisale.
Kenako mawu amodzi.
Ndinawawerenga katatu, ngati angasinthe maganizo.

Sindinalulute. Kuno makoma ndi opyapyala.
Ndinagula tchipisi pa siteshoni,
ndinadya ndili chilili, mchere ukusakanikirana ndi mvula,
n'kulembera Ndaziona: ndamaliza kulira.

Madzulo ake yunifolomu inali kundidikirabe.
Satifiketi silipira lendi tsiku lomwelo.
Belu linalira. Ndinawauza Bambo Pritchard kuti ndakhoza,
iwo anagwedeza mutu, osadziwa kuti ndakhoza chiyani,
kenako, maso ali kudenga, anayamba:
Bilbrook, Codsall, Albrighton, Cosford,
Shifnal,
mpaka kumapeto, osadumpha ngakhale imodzi,
ndipo pa Shifnal anaima pang'ono
n'kunena kuti, "Apa ndi pamene Maureen ankakwerera."

Ndinatembenuza pepala la zotsatira zanga
n'kulemba kuseri kwake, dzina ndi dzina.
Kutacha ndinakopera pa pepala lina
loti ndipatse mwana wawo Lamlungu.
Kamodzi sikukwana.
Mawa ndidzawawerengera,
tione ngati zibwerera.